Amene Ali Pansi Sanagonje: Mafunso ndi Mayankho pa Butterfly Guard

Kwathu kuno ku Mchinji, mwana aliyense amene adadyetsapo ng'ombe kudambo amalidziwa lamulo la kugwetsana: amene msana wake wagunda pansi ndiye wagonja, anzake akuwiza, nkhani yatha. N'chifukwa chake achinyamata ambiri akamaonera ndewu za MMA (zosakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana) pa foni kapena pa DStv amadabwa. Munthu wagwetsedwa ndithu, mnzake wamukhalira, koma woyimbira sakuletsa. Kuphethira kamodzi, wapansi uja ndiye ali pamwamba. Si mankhwala ayi. Ndi luso lophunzirika, ndipo limodzi mwa maluso otere ndi butterfly guard ya m'masewero a Brazilian jiu-jitsu.

Kodi butterfly guard ndi chiyani kwenikweni?

Ndi kakhalidwe ka munthu amene ali pansi, mnzake atagwada kapena atawerama kutsogolo kwake. M'masewero a jiu-jitsu, wapansi akaika miyendo yake pakati pa iye ndi mnzakeyo, amati ali mu guard. Mitundu yake ilipo yambiri. Wina amagona chagada n'kukulunga chiuno cha mnzake ndi miyendo, akakolo atapingasa kumsana. Butterfly guard si yotero. Simugona, mumakhala tsonga. Mawondo mumawatambasulira kunja monga mapiko a gulugufe, komwe kudachokera dzinali, ndipo mapazi onse awiri mumawalowetsa mkati mwa ntchafu za mnzanuyo, zala zitaloza m'mwamba kuti phazi lililonse likhale ngowe. Ngowe ziwirizi ndizo zimagwira ntchito yaikulu: zimamuletsa kudumpha miyendo yanu, zimakuuzani komwe thupi lake lalemerera, ndipo nthawi ikakwana zimamutukula.

Masewero amenewa adachokera kuti?

Mizu yake ili ku Japan. Jigoro Kano adatsegula sukulu ya judo ya Kodokan ku Tokyo mu 1882, ndipo mmodzi mwa anthu amene adaphunzira kumeneko, Mitsuyo Maeda, adafika ku Brazil mu 1914. Mumzinda wa Belém adaphunzitsa Carlos Gracie, amene mu 1925 adatsegula sukulu ku Rio de Janeiro pamodzi ndi abale ake. Banja la a Gracie, makamaka Hélio, mng'ono wake wa Carlos, yemwe anali wowonda, lidaika mtima pa kulimbana kwa pansi kuposa kugwetsana choimirira. Dziko lonse lidazindikira zimenezi pa 12 Novembala 1993 ku Denver, pa mpikisano woyamba wa UFC, bungwe lokonza ndewu za MMA. Usiku umenewo mwana wa Hélio, Royce Gracie, wolemera makilogalamu pafupifupi 80, adagonjetsa anthu atatu motsatizana, onse atawatengera pansi: wankhonya Art Jimmerson, Ken Shamrock ndi Gerard Gordeau.

Zokola ntchafu ndi phazi si zachilendo kwa anthu a judo. Ali ndi kagwetsedwe kotchedwa sumi gaeshi, komwe munthu amadzigwetsa yekha dala, phazi litakola mkati mwa ntchafu ya mnzake, n'kumuponya. A jiu-jitsu adangotenga nzeru yomweyo n'kuyamba kuigwiritsa ntchito atakhala pansi kale.

Nanga munthu amatembenuzidwa bwanji?

Kutembenuza wapamwamba kuti inu mukhale pamwamba, pa masewerowa amati sweep. Njira yodziwika kwambiri imayenda motere. Mnzanu wagwada, inu mwakhala tsonga, ngowe zili m'malo. Mkono wanu wamanja muulowetse m'khwapa mwake mwa kumanzere mpaka dzanja ligwire lamba kumsana, kapena lingomata pamsanapo ngati sadavale yunifomu. Dzanja lanu lamanzere ligwire mkono wake wamanja pamwamba pa chigongono, muupanire kunthiti kwanu kuti asathe kuutambasula. Mutu wanu ukhale m'munsi mwa chibwano chake, kapena khutu litatsamira pachifuwa pake. Mukatero sunthani matako, mulowe mkati mpaka mimba zitsale pang'ono kukhudzana, n'kumukokera pa inu kuti matako ake achoke pazidendene. Apa ndiye pagona nkhani. Munthu amene wakhalira zidendene zake ndi wolemera zedi, simungamusunthe. Koma akangoyedzamira kutsogolo, thupi lake n'kusenzeka pa misongolo yanu, wapepuka kale.

Tsopano igwani, koma musagwe chagada. Gwerani cham'mbali, paphewa lamanzere, mbali imene mwamumanga mkono ija. Pamene mukugwa, phazi lamanja litukule ntchafu yake yamanzere, ndipo phazi lanu lamanzere liponde pansi mwamphamvu kuti chiuno chanu chinyamuke. Iye afuna kudzichirikiza ndi dzanja lamanja, koma dzanjalo muli nalo ndinu. Amagubuduka, inu n'kumutsatira osamutaya, mpaka mwakhala pamimba pake kapena mwamupanikiza cham'mbali.

Taganizirani mphika wa nyemba uli pa mafuwa atatu. Kuti ndiwo zitayike simusowa kunyamula mphika wonse. Mungochotsa fuwa limodzi n'kukankha pang'ono mbali inayo. Mkono mwaupana uja ndiye fuwa lochotsedwalo. Ine chimene ndimakondera kakhalidwe aka n'chakuti nzeru yake ili poyera. Mwana wa Sitandade 6 akhoza kuimvetsa tsiku lomwelo, ngakhale kuti thupi limatenga miyezi yambiri kuti lizolowere kuchita zonsezi nthawi imodzi.

Ndayesa ndi mnzanga koma sakusuntha n'komwe. Vuto lili pati?

Kawirikawiri vuto ndi msana. Woyamba kumene akangomva kulemera kwa mnzake amagwa chagada, mapewa onse awiri pansi, kenako n'kuyamba kukankha ndi mwendo. Pamenepo akunyamula munthu yense wathunthu ndi ntchafu imodzi, ndipo atopa asanamusunthe. Choipa kwambiri n'chakuti wapamwamba akakugonekani chagada amakumbatira chiuno chanu, n'kufinya mawondo anu ndi ake, n'kuyamba kudumpha miyendo yanu pang'onopang'ono. Mukaona kuti mwagonekedwa, lekani kaye za kutembenuza. Tambasulani miyendo kuti mumukankhire kumbuyo, mudzuke naye limodzi, mukhalenso tsonga, muyambirenso.

Ena amakhala patali kwambiri, n'kumayesa kukoka ndi mikono yokha. Ena amatukula mwendo asanagwe, pamene kugwa ndiko kumayenera kutsogola, mwendo n'kumaliza. Palinso phazi lapansi lija, limene ambiri amaliiwala chifukwa maso onse ali pa phazi lotukula. Likangokhala lende osaponda pansi, mnzanu amapendekeka mpaka theka n'kubwerera pamalo pake.

Nanga akadziwa chimene ndikufuna n'kukana?

Adzakana ndithu, ndipo luso lenileni limayambira pomwepo. Akaona kuti akugwera kumanja kwake, ambiri amatambasula mwendo wamanja n'kuponda patali kuti adzichirikize. Pamenepo phazi lanu lamanzere likankhe bondo lakelo kuti litsetsereke, kapena mulowe pansi pa mwendowo, muunyamulire paphewa, mapazi anu apingase pa ntchafu inayo. Kakhalidwe kameneka amakatcha X guard, ndipo munthu woimirira pamwamba pake amakhala atatang'adza mosakhazikika. Wina amakana pobwerera m'mbuyo n'kukhalira zidendene. Musamukokenso ameneyo, dzukani pa mawondo mumukankhire komwe akupita kale, kapena mukoke kakolo wake. Akaweramitsa mutu kwambiri, khosi lake lalowa lokha m'khwapa mwanu.

Koma yankho lokongola kuposa onse ndi la munthu amene akukukankhani pachifuwa ndi dzanja. Mumagwira dzanjalo pamfundo, dzanja lanu lina n'kugwira kuseri kwa mkono womwewo pafupi ndi khwapa, n'kuukokera mopingasa thupi lanu. Phewa lake limatembenuka, msana wake n'kukhala poyera. Amene adatchukitsa zimenezi ndi Marcelo Garcia, wobadwa mu 1983 ku Formiga m'chigawo cha Minas Gerais ku Brazil. Pa mpikisano wa kulimbana wotchedwa ADCC wa mu 2003 ku São Paulo adalowa asakudziwika kwenikweni. Atakumana ndi Vitor Ribeiro, katswiri woopedwa pa nthawiyo, adamukoka mkono motero, n'kukwera kumsana, n'kumukanyanga pakhosi, ndewu n'kutha mphindi imodzi isanakwane. Garcia adapambana ADCC mu gulu la makilogalamu 77 kanayi: 2003, 2005, 2007 ndi 2011. Aliyense wofuna kuona mmene kakhalidwe aka kamagwirira ntchito afunefune makanema ake, ndipo ayang'anitsitse mmene sakhalira phee ngakhale pang'ono.

Kodi wochepa thupi angatembenuze chimphona?

Angathe, koma tisanamizane. Garcia yemweyo ankalowanso gulu losayang'ana kulemera, ndipo mu 2005 adagonjetsa Ricco Rodriguez, amene adakhalapo katswiri wa UFC wa anthu olemera kwambiri. Mu 2007 adafika mpaka ndime yomaliza ya gulu limeneli, koma kumeneko Robert Drysdale, wamkulu thupi kuposa iye, adamugonjetsa. Tanthauzo lake ndi losavuta: luso limaposa mphamvu za munthu wosadziwa, koma awiri akadziwa mofanana, makilogalamu amayamba kulankhula.

Chimene butterfly guard imachita bwino n'kulola matupi osiyanasiyana. Siifuna miyendo yaitali kapena msana wofewa. Jean Jacques Machado adabadwa dzanja lake lamanzere lili ndi chala chachikulu ndi chaching'ono chokha, moti kugwira nsalu ya yunifomu kunali kovuta. Adaphunzira kumanga mnzake ndi mikono yonse m'malo mwa zala, mapazi atakola m'ntchafu, ndipo mu 1999 adapambana ADCC. Adam Wardziński wa ku Poland, munthu wamkulu thupi, adamanga masewero ake pa kakhalidwe komweka mpaka mu 2024 adakhala katswiri wa dziko lonse wa bungwe la IBJJF pakati pa a lamba wakuda.

Pa mpikisano, kutembenuza kumapatsa mapointi angati?

Pa malamulo a IBJJF ndi mapointi 2, bola mukhazikike pamwamba kwa masekondi 3. Kugwetsa munthu choimirira ndi 2 nakonso, kudumpha miyendo ya wapansi ndi 3, kukhala pamimba kapena kukwera kumsana ndi 4. Choncho amene watembenuza n'kufikira pamimba pomwepo watola 6 pa ulendo umodzi.

Zonsezi zikumveka, koma mu MMA muli zibakera. Sangakuphwanye nkhope utakhala tsonga chonchi?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse, ndipo yankho lake ndi lakuti inde, angakuphwanyeni. Malamulo amene UFC imatsatira amaletsa kumenya mateche kapena mawondo kumutu kwa munthu amene ali pansi, koma zibakera ndi zigongono ndi zololedwa. Chitetezo chanu ndi kuyandikira. Chifuwa chanu chikamatirira chifuwa chake, mikono yanu ili m'khwapa mwake, mutu mutaubisa m'munsi mwa chibwano, alibe mpata woponyera chibakera cholemera. Ngozi ili pakatikati, pamene simuli pafupi komanso simuli patali. Apo chigongono chimodzi chimang'amba chikope.

Ndiye mu MMA butterfly guard si malo okhalapo, ndi podutsira. Mukangokola ngowe, chitanipo kanthu nthawi yomweyo. Ngati kutembenuza kwatheka, chabwino. Nthawi zambiri sikutheka, chifukwa matupi ndi oterera ndi thukuta, palibe nsalu yogwira, ndipo magolovesi amalepheretsa zala kugwira bwino. Koma ngakhale mnzanu asagubuduke, kumutukula kokhako kumamukakamiza kuika manja pansi kuti asagwe, ndipo dzanja limene lili pansi silimenya. Kamphindi kameneko n'kokwanira kuti mubweze mwendo umodzi kumbuyo muimirire, kapena musunthire ku waya wa khola lomenyeramo, mutsamire msana, mukwere nawo. Dziwaninso kuti oweruza a MMA sapereka mapointi oikika pa kutembenuza. Amayang'ana amene wavulaza mnzake kwambiri m'ndime ya mphindi 5.

Garcia mwiniwakeyo adalawa kusiyana kumeneku. Adamenya ndewu ya MMA imodzi yokha, mu 2007 ku South Korea, ndi Dae Won Kim. Ndime yoyamba adailamulira pansi, koma m'ndime yachiwiri dokotala adaimitsa ndewu chifukwa cha bala la kumaso, ndipo adaluza.

Chitsanzo china ndi cha mnansi wathu wa ku South Africa, Dricus du Plessis. Adatenga lamba wa UFC mu Januwale 2024 ku Toronto atagonjetsa Sean Strickland. Mu Ogasiti 2025 ku Chicago adakumana ndi Khamzat Chimaev, amene adamugwetsa mobwerezabwereza n'kumupanikiza kwa mphindi zoposa 21 mwa mphindi 25 za ndewu yonse. Du Plessis ndi wamphamvu kwabasi ndipo sadagonje pakati panjira, koma lamba adapita. Chimene chidaoneka usiku umenewo n'chakuti Chimaev ankadumpha miyendo msangamsanga, osapereka mpata woti bondo kapena phazi zilowe pakati. Wachinyamata amene akufuna MMA aphunzirepo apa: musanaphunzire kutembenuza, phunzirani kubwezeretsa mapazi anu mkati mwa ntchafu za munthu amene wakupanikizani kale.

Nanga pa ndewu ya pamsewu?

Musakhale pansi mwadala. Pabwalo la masewero muli awiri, pali woyimbira, pansi ndi pofewa. Kuseri kwa malo omwera mowa pa Kamwendo kapena pa Mkanda kuli miyala, mabotolo osweka, anzake a munthuyo amene sadziwa lamulo loletsa mateche kumutu, mwinanso mpeni. Ntchito ya luso limeneli kunja kwa masewero ndi imodzi yokha: ngati mwagwetsedwa kale, munthu n'kukugwerani pamwamba, mapazi m'ntchafu amakupatsani mpata womutukula, kumukankha, kuimirira ndi kuthawa. Pa chifukwa chimenechi ndimakhumba atsikana a m'sukulu zathu, kaya ku Ludzi kaya kwina kulikonse, atamaphunzitsidwa ngakhale mbali yokhayi. Miyendo ya mtsikana ili ndi mphamvu zambiri kuposa mikono yake, ndipo kakhalidwe aka kamadalira miyendo.

Ifeyo a ku Mchinji tingayambire pati?

Choyamba ndi pogwera. Mateti a masewero ndi odula, koma anthu a judo m'maiko ambiri adayambira pa utuchi. Pezani malo osalala, muzungulize matabwa kapena njerwa zokutidwa bwino, muthiremo utuchi wokhuthala wa kwa akalipentala mutauchotsa tizipsepse ndi misomali, n'kuyala pamwamba tenti yoyanikapo chimanga ija, mutaikoka kuti isachite makwinya okola zala. Pa simenti musayesepo. Ubwino wa butterfly guard kwa oyamba kumene ndi wakuti onse awiri amayambira pansi, wina atakhala wina atagwada, moti palibe amene akugwa kuchokera pamwamba.

Chachiwiri ndi mphunzitsi, ndipo pano khomo lapafupi ndi judo. Dziko lathu lili ndi bungwe la Judo Association of Malawi, ndipo pa masewero a Olympics a ku Tokyo amene adachitika mu 2021, Harriet Bonface adaimira Malawi mu gulu la amayi la makilogalamu 48, komwe adakumana ndi Gabriela Chibana wa ku Brazil. Mphunzitsi wa judo adzakuphunzitsani kagwedwe kosavulaza, kapanikizidwe ka pansi ndi sumi gaeshi, zomwe ndi maziko a zonse tafotokozazi. Lilongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, Chipata ali pafupi kuposa pamenepo kudzera pa chipata cha Mwami, ndipo ofesi ya zamasewero ya m'boma lino ndi poyambira pabwino pofunsa za aphunzitsi. Gulu la anthu khumi litasonkherana, n'kutheka kuitana mphunzitsi kamodzi pamwezi, masabata enawo n'kumabwereza zimene wasiya. Makanema a pa foni amathandiza, koma kanema sangakuuzeni kuti mutu wanu wakwera kwambiri.

Kwa abale athu amene ali ku Joni mwayi ndi wokulirapo, chifukwa ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli malo ophunzirira jiu-jitsu ambiri, ndipo bungwe la EFC lakhala likukonza ndewu za MMA kuyambira mu 2009. Themba Gorimbo wa ku Bikita m'dziko la Zimbabwe adadutsa njira imeneyi. Ali mnyamata adakumbako miyala ya dayamondi ku Marange, adapita ku South Africa komwe adagwirako ntchito ya m'munda wa maluwa, adatenga lamba wa EFC mu 2019, ndipo mu 2023 adayamba kumenya mu UFC.

Ndi ngozi ziti zimene tiyenera kusamala nazo?

Yoyamba ili pa amene akutembenuzidwa. Mkono wake ukapulumuka n'kuutambasula mowuma kuti adzichirikize, thupi lonse limagwera pa mkonowo, ndipo chigongono kapena phewa zikhoza kuguluka. Muuzeni mnzanu kuti akaona kuti wapita, alole kugubuduka, chibwano atachimata pachifuwa kuti khosi lisapindike. Amene ali pansi asamale mawondo: wapamwamba akafinyira mawondo anu onse mbali imodzi, tembenukani naye, musalimbane naye ndi bondo lopotoka.

Mukayamba kuphunzira zokanyanga pakhosi ndi zopinda mikono, lamulo ndi limodzi ndipo silikambirana. Amene wamva kuwawa kapena kubanika aombe mnzake ndi chikhatho kawiri kapena katatu, kapena anene pakamwa, ndipo winayo asiye nthawi yomweyo. Munthu wokanyangidwa bwino pakhosi amakomoka m'masekondi ochepa chabe, choncho ana asachite zimenezi popanda wamkulu wodziwa. Amene safuna kusiya mnzake akaomba, muchotseni pagulu ngakhale atakhala waluso chotani.

Ngozi imene anthu amaiderera ndi ya pakhungu. Zipere ndi zithupsa zimafala msanga pamene anthu akukhudzana thukuta lili chuchuchu. Tenti ija muziitsuka ndi sopo kapena madzi othira klorini mukamaliza, n'kuiyanika padzuwa. Zikhadabo za kumanja ndi kumapazi zikhale zowenga, aliyense asambe akangomaliza, zovala zichapidwe tsiku lomwelo. Amene waona kabanga kozungulira koyabwa pakhosi kapena pamkono ayambe wapita kuchipatala, ndipo abwerere pa tenti pokhapokha kabangako katapola.